Chithumwa cha m'Dzala

Loweruka, 2 Febuluwale 1907. Bahnasa, mudzi wathu wa m'mphepete mwa chipululu.

Kuzizira. Mphepo ya mchenga yayamba msanga chaka chino. Maso akuwawa. Chala chimene ndinadzicheka ndi phale sichinapolebe, mwina chiwola.

Tsiku lachisanu ndi chinayi pa dzala lalikulu la kumpoto. Ine ndi alamu anga a Shehata dzenje limodzi, monga chaka chatha. Iwo khasu, ine zala, chifukwa akapitawo a Mitwalli amati zala zanga n'zamantha, siziswa kanthu. M'mawa wonse mapale, nsapato ya mwana, ndowe za abulu a anthu amene anafa kalekale. A Shehata: "Alamu, mzungu akawoloka nyanja kudzafukula dzala amati maphunziro. Ine nditafukula la kuseri kwa nyumba yanga mungandimange chingwe."

Masana, m'dothi lofewa lija limene limasunga mapepala, mpukutu. Wa gumbwa, wonenepa ngati mkono wa mwana. Zilembo zoongoka ngati mano a chipeso. Ndinachotsa dothi ndi nthenga. Ndinaunyamula bwino, Mulungu ndi mboni. Koma unathetheka ngati fodya wouma, kachidutswa kanatsala m'manja mwanga. Zala zitatu m'lifupi, chikhatho m'litali. M'mphepete mwake chizindikiro, ngati kambalame kotambasula mapiko.

Mpukutu ndinauika m'dengu. Kachidutswa ndinakalowetsa m'nduwira.

Ndalemba. 

Lamulungu, 3 Febuluwale.

Si kuti ndigulitse. Ndilembe zimenezi kuti tsiku lina ndisadziname. Ogula zakale a ku tauni sindinalankhulepo nawo.

N'chifukwa cha Zakiya. Mwana wathu mmodzi yekhayo, mwezi wake wafika, wabwera kudzachirira kwa amake. Mwamuna wake ali kumpoto, kokumba ngalande, kalata palibe. Ana ake atatu tinaika kale kuseri kwa manda, mmodzi sanalire n'komwe. Zithumwa za ashehe katatu konse, katatu konse nsalu yoyera ya maliro. Amangokhala padzuwa, manja pamimba, chete. Mwana amene kale ankaseka mpaka nkhunda kuthawa padenga.

Aliyense pano akudziwa kuti m'madzala omwewa munatulukapo pepala la mawu a mneneri Isa, mtendere ukhale pa iye, ndipo akuti mzungu anavula chipewa padzuwa. Pepala lolembedwa siliponderezedwa, ife tinaphunzira tili ana. Ukalitola pansi umalipsompsona, umalilowetsa m'ng'ankha ya khoma, pakuti mwina muli dzina la Mulungu. Nanga ili, limene nthaka yalisunga zaka zonsezi osawola, lili ndi kambalame pambali? Lingakhale lachabe?

Nafisa, mkazi wanga, walikulunga m'thonje, walisokerera m'kachikopa. Anandiyang'ana kaye. "Mwaba, bambo a Zakiya?" Ndinati ndatola. "Amene amatola satuluka thukuta mwezi wozizira."

Lili pakhosi pa Zakiya. Tamuuza kuti lachokera kwa munthu woyera wa kutali. Wadya mphodza mbale yonse.

Lachiwiri, 5 Febuluwale.

Zavuta.

Bwana Chimfine, mzungu wamtali, mwini ntchito, amene amayetsemula kuyambira m'mawa, watambasula mpukutu ndi nsalu zonyowa m'hema mwake. Anatuluka alibe chipewa, akufuula. Poyamba chimwemwe, anapsompsona a Mitwalli pamphumi. Patapita kanthawi anatulukanso, nkhope ina.

Akuti pakati pasowa. Akuti pong'ambika pakale pamakhala pakuda, pamadyeka ngati mano a nkhalamba. Apa n'poyera, n'pakuthwa. Pang'ambika sabata ino.

Sindinkadziwa kuti bala la pepala limaoneka zaka zake. Zaka zisanu pa ntchito imeneyi, palibe anandiuza.

Atilamula kusefa dothi lonse la m'dzenje lathu. Tsiku lathunthu ndi sefa, mphepo kumaso, kufunafuna chinthu chimene ndikudziwa kuti chili kunyumba, chikukwera ndi kutsika pachifuwa cha mwana wanga. Bwana atakhala chonjuta pambali, mpango pamphuno. Kachinyalala kalikonse: "Imani, imani!" Tsamba la anyezi.

A Shehata akusefa akuimba.

Lachinayi, 7 Febuluwale.

Achotsa alamu anga.

Lamulo tonse timalidziwa. Wobisa pepala apite, ndipo dzina lake lisalembedwenso pa dzala lililonse, kuno kapena kwina. Wina wanena kuti anawaona Lachisanu akumwa khofi ndi wogula zakale. N'zoona, amamwa khofi ndi aliyense, angamwe ndi njoka itawagulira. Ine palibe anandiganizira. A Mitwalli: "Radwani? Amaopa ndi chithunzithunzi chake chomwe. Angabe chiyani?"

Ndinaima pamenepo, sefa m'manja. Pakamwa panatseguka. Munalowa mchenga wokha.

A Shehata anasasa mkanjo, anaika khasu paphewa. "Akapitawo, mukapeza kapepala kanu mundipatse moni. Alamu, musamale zala." Ana asanu kunyumba, munda wake ndi waung'ono ngati mkeka wopempherera. Ntchito ya dzala ndiyo imawaolotsa mpaka tirigu atacha.

Andipatsa mnzanga wina m'dzenje. Salankhula. Ndi bwino.

Lachisanu, 8 Febuluwale.

Ku mzikiti ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi nsapato. A Shehata anandipeza pomwepo, anandipanikiza ndi phewa. Potuluka anandigulira nzimbe. Iwo kundigulira ine! 

Kunyumba nkhondo ya chete. Nafisa akuika buledi patsogolo panga ngati akuika mwala. Zakiya atapita kukagona masana, anayamba. Chithumwa chisachoke pakhosi pa mwana, chifukwa chithumwa chochotsedwa mimba isanamasuke chimapita ndi mwayi wake. Komanso mchimwene wake abwerere ku ntchito sabata ino. Ndinafunsa kuti zonse ziwiri zitheka bwanji. "Wonyamula nduwira m'nyumba muno ndinu. Munadziwa kuikamo pepala, ikanimonso nzeru."

Ndawerenga masiku. Azamba akuti sabata ziwiri, mwina zitatu. Mwana akangobadwa ndibweza, ndidzati ndakapeza m'mchenga. Koma azungu amanyamuka kutentha kukayamba. Nanga akapita msanga? Nanga mwana akachedwa? Nanga akabadwa bwino, ndichotse, kenako adwale?

Njati yathu yoweta sikudya bwino. Chala chatupa.

Lolemba, 11 Febuluwale.

Ndikanapanda kufunsa.

Anandiitana kuhema kuti ndikathandize kulongedza. Mapepala amawagoneka pakati pa manyuzipepala akale, kenako m'zitini. Mpukutu wathu uli patebulo, wautali, pakati pake mpata ngati dzino lozuka. Bwana akuuyang'ana ngati munthu woyang'ana manda. Ndinalimba mtima. Ndinati, Bwana, ameneyu ndi mneneri uti?

Anaseka mpaka kuyetsemula kasanu. Chinenero chathu amachilankhula ngati akutafuna mwala, koma ndinamva zonse, kalanga ine.

Si mneneri. Ndi sewero. Akuti Agiriki akale, pa chikondwerero chawo, ankakhala pamiyala kuyambira m'mawa kuonera masewero atatu achisoni, limodzi pambuyo pa linzake. Mafumu kuphana, amayi kulira ana awo. Anthu misozi mbwee. Ndiye asanabalalike, lachinayi: lachipongwe, la anthu-mbuzi, kuti munthu asapite kunyumba ndi maliro pamutu. Akuti otere analipo mazanamazana, koma ophunzira a pambuyo pake anakopera achisoni, awa anawaleka. Lathunthu linatsala limodzi lokha pa dziko lonse. Ena onse kudzala. "Dzala lanu lino, Radwani!" Maso ake ngati a munthu amene wapeza m'bale wotayika.

Anatsegula buku kundionetsa chithunzi cha pa mtsuko wakale. Amuna amaliseche, ndevu, makutu osongoka, mphuno zophwatalala, michira ya kavalo. Akuvina ndi matumba a vinyo. Ndi zina zimene sindingalembe m'kope limene tsamba lake loyamba lili ndi dzina la Mulungu.

M'sewero lathuli akuti alonjeza mfumu kuti akapha mkango. Akudzitama njira yonse, atate awo patsogolo, nkhalamba yadazi yoledzera. Tchire ligwedera. Onse liwiro. Nkhalamba ifuula, mukuthawiranji, ana a manyazi inu? Yankho lili pa kachidutswa kosowako. Bwana anamenya tebulo. "Zaka zikwi ziwiri nthabwala ikudikira, ndiye wina waba pothera pake!"

Ndinafunsa za kambalame. Ayi, sindinafunse, ndinatsala pang'ono. Ndikanadzigwiritsa ndekha.

Zimenezo zili pakhosi pa mwana wanga. Masiku asanu ndi anayi. Pamwamba penipeni pa mdzukulu wanga.

Lachiwiri, 12 Febuluwale.

Mayi woyembekezera akayang'anitsitsa nyani, mwana amatengera. Aliyense amadziwa. Nanga kuvala anthu-mbuzi usana ndi usiku?

Mchira. Tsiku lonse m'dzenje ndikuganiza za mchira. Makutu tingabise ndi chipewa.

Ndapita kwa ashehe, ndafunsa ngati za munthu wina. Ndinati pali mnzanga wa kutsidya kwa mtsinje amene anaveka mwana chithumwa osadziwa zolembedwamo. Anati mnzakoyo ndi bulu. Ndinati nanga achotse? Anati akadziwa kuti n'zoipa achotse. Nanga mwayi ukapita nacho? Anati mwayi uli kwa Mulungu. Nanga atatu aja? Anandiyang'ana, anati, "Radwani, mnzako wa kutsidya ndimupempherera." Akudziwa. Mudzi wonse udziwa pofika Lachisanu.

Ndauza Nafisa za chithunzi. Anakhala pansi, anaphimba kumutu. Kenako: "Koma chiyambire kuvala akudya, miyendo yaphwa." Ndiye tichotse kapena tisachotse? "Musandifunse ine, sindinapite kusukulu." Zaka zitatu zimene ndinakhala pamkeka wa aphunzitsi, lero zasanduka mlandu.

Lachinayi, 14 Febuluwale.

Ndinadutsa kwa a Shehata ndi anyezi ndi tchizi pang'ono. Ndinawapeza akusenza manyowa a eni munda wa thonje, bulu alibe, pamsana. Munthu wa imvi. Akazi awo sanandiyankhe moni.

Ndinakonza mawu njira yonse. Nditafika ndinalankhula za njati.

A Mitwalli akuti zitini ziyamba kupita kusitima sabata yamawa.

Lachisanu, 15 Febuluwale.

Zakiya wadziwa. Si ashehe. Ndife tomwe, kukangana kukhola tikuyesa ali m'tulo. Tinangoona waima pakhomo, dzanja m'chiuno, mimba patsogolo.

"Bwerezani, ababa. Anthu a chiyani?"

Ndinafotokoza zonse, maso pansi. Dzala, nduwira, amalume ake. Masewero atatu amaliro ndi lachinayi. Michira. Ndinkadikira kulira, kapena kukomoka, ndinali nditayang'ana kale pamene pali mtsuko wa madzi.

Anaseka. Anagwira chitseko, anaseka mpaka misozi, mpaka amake kumugwira kuti mwana angatuluke pompo. Nkhunda zinathawa padenga. Zaka zinayi sindinamve zimenezo.

"Munthu woyera wa kutali! Ndimadabwa kuti mwanayu akuvina chiyani m'mimba muno."

Kenako analeka. Anapukuta maso. "Ndiye amalume akusenza manyowa chifukwa cha ine?" Ndinati chifukwa cha ine. "Inde, chifukwa cha inu. Amayi, mpeni."

Nafisa anakana. Ine ndinati tidikire sabata imodzi yokha. Anadula chingwe ndi mano.

Anandiika kachikopa m'manja, kakadali kofunda. "Atatu amaliro ndaonera kale, ababa, ndinakhala kutsogolo. Ngati Agiriki anuwo ankadziwa kuwerenga, lotsatira ndi la mbuzi. Pitani. Ndipo mukafunse zimene zalembedwapo. Ndavala masiku khumi ndi atatu, ndili ndi ufulu womva."

Pakhosi pake palibe kanthu tsopano. Ndikayang'ana ndimamva kuzizira.

Loweruka, 16 Febuluwale.

Ndinafika pahema kawiri n'kubwerera. Kachitatu a Mitwalli anandiona. "Iwe, ukuzungulira ngati nkhuku yofuna poikira. N'chiyani?"

Ndinamasula ulusi pamaso pawo. Thonje lanyowa ndi thukuta. Kachidutswa kasweka panayi. Bwana anabuula ngati ndamuponda. Kenako anaiwala kuti ndilipo. Kachitsulo kotolera, galasi, mpweya ataugwira. Chimodzi, chiwiri, chitatu, chinayi. Zinalowa pampata paja ngati zinali zisanachokepo. Kambalame kanakhala m'mphepete.

Anandifunsa kuti wogula anandilonjeza zingati. Ndinati palibe wogula, ndinanena za Zakiya. Anamina. A Mitwalli anati lamulo ndi lamulo, amuna zana akuyang'ana, akakhululukira mmodzi mawa nduwira zonse zidzatupa. Bwana sanatsutse. Dzina langa alifafaniza. La a Shehata alibwezera.

Zaka zisanu. Zala zamantha zimene siziswa kanthu.

Ndisanatuluke ndinati, Bwana, mwana wanga wandituma. Anawerama pagalasi, milomo ikugwedera. Anayamba kugwedezeka mapewa. Nkhalamba ifunsa, mukuthawiranji? Ana ayankha: "Sitikuthawa, atate. Tikuthamangira kunyumba kukaona ngati mkangowo sunatidutse." Ndipo chotuluka m'tchire muja ndi tsekwe.

A Mitwalli, amene sanasekepo chibadwire, anatembenukira kukhoma la hema.

Kambalame akuti si kanthu. Mlembi ankangoika posonyeza kuti gawo latha, lina likuyamba.

Ine sindinaseke. Ndinawamvetsa anyamatawo. Kunyumba kumafunikadi kukaonako.

Lamulungu, 17 Febuluwale.

Tsiku loyamba lopanda ntchito. Ndinadzuka, ndinamanga nduwira, ndinakumbukira, ndinakhala pansi. Ndakonza khola limene silinawonongeke. Tidya chiyani mpaka tirigu, sindikudziwa. Nafisa akuti njati ikadalipo, manja ndili nawo, ndisiye kuusa moyo ngati mvukuto.

Madzulo a Shehata, fumbi la dzala kumaso. Ndinaimirira kuti ndipepese, mawu ndinali nditawakonza bwino nthawi ino. Anandikhazika pansi ndi dzanja limodzi.

"Alamu, ndinakuonani tsiku lomwelo. Munthu amene nduwira yake wakhala akuigwiragwira masana onse ngati muli nkhunda."

Ndiye bwanji sananene? "Ndinene kuti chiyani? Zakiya ndi mwana wa mlongo wanga. Atatu aja ndinakumba nawo manda ndine. Ndinati manyowa sabata zitatu sapha munthu." Anatafuna anyezi. "Koma ndikanadziwa kuti ndikusenzera mbuzi zoledzera, ndikanakugwirani pakhosi."

Ndinalira pamaso pa akazi. Zakiya anawauza amalume ake yankho lija, akusintha mawu ngati mbuzi. Anabwereza katatu. Tsopano ndikangonyamuka kupita kuseri, onse: "Sakuthawa, akukaona mkango."

M'nyumba mwanga momwe.

Lachitatu, 20 Febuluwale.

Mwana sanabadwebe. Azamba anabwera, anagwira, akuti mutu watsika. Ndinawafunsa ngati pogwira amatha kumva mbali ya kumbuyo, ngati pali chachilendo. Anafunsa Nafisa ngati ndikudwala.

Ngamira zadutsa ndi zitini kupita kusitima. Ndinaziwerenga kuchokera pakhomo. M'chimodzi mwa izo muli thukuta la mwana wanga, likupita kutsidya kwa nyanja kuti ophunzira akaliyang'ane ndi galasi.

Chala chapola. Sindinaone kuti chapola liti.

Lachisanu, 22 Febuluwale.

Zayamba m'mawa, tikumwa tiyi. Azamba ali mkati, Nafisa, ndi akazi a Shehata amene tsopano akundiyankha moni. Ine andithamangitsira pansi pa kanjedza. Ndatenga kope kuti manja apeze chochita.

Pakhosi pa Zakiya palibe kanthu. Ndinapempha Nafisa kuti timangepo ngakhale kachithumwa ka ashehe kakale. Zakiya anamva ali mkati: "Ababa, mukalowetsa pepala lina muno ndikudyetsani!"

Dzuwa pamutu. Ku mzikiti aitana, sindinapite. Akubuula. Nthawi zitatu zija ndinakhala pansi pa mtengo womwewu. Ndikudziwa mmene chete wake amamvekera, pamene akazi aleka kulankhula onse pamodzi.

Ndinaimirira, ndinati ndikaone njati kudambo, mwina yamasuka. A Shehata anagwira mkanjo wanga kumbuyo, akuugwirabe, ngati mchira. "Khalani pansi, alamu. Mkango uli konkuno."

Akazi aleka kulankhula.

Mulungu wachifundo. Mulungu wachifundo. Ndikulemba kuti ndisamve. Mphepo yaleka. Nyerere ikukwera pa

Kamawu. Kosasa, konjenjemera, kokwiya. Mee, mee, ngati kamwana ka mbuzi.

Nafisa pakhomo, manja magazi, akulira, akuseka. Mtsikana. Ndafunsa. Ndinayenera kufunsa. Akuti ndikadzionere ndekha, ndikamutembenuze ngati ndikufuna.

Ndaimirira. A Shehata asiya mkanjo.